Douglas Engelbart, Munthu Amene Anatipatsa Mbewa Yosadyedwa

Pamene akonzi a magazini athu anauza ana a Fomu 3 kuti aliyense alembe mbiri ya munthu mmodzi wotchuka amene anamwalira kale, anzanga ambiri anathamangira kwa mafumu, kwa abusa ndi kwa akatswiri a mpira. Ine ndinakhala masabata awiri osapeza munthu. Amene anandisankhira munthu ndi mavuto a m'chipinda chathu cha makompyuta, ndipo ndipempha aphunzitsi athu olemekezeka pamodzi ndi inu anzanga kuti mundilole ndiyambe ndi mavutowo, pakuti popanda iwo dzina la Douglas Engelbart sindikadalimva konse.

Nonse mudziwa kuti m'chipinda chija muli makompyuta khumi ndi awiri, koma pofika teremu yachitatu mbewa zamoyo zinatsala zisanu zokha. Ponena mbewa sindikunena akapuku aja timakumba m'minda chimanga chikachoka, iyayi. Ndikunena kachipangizo kaja timakagwira m'dzanja poyendetsa kamuvi pa sikirini, kamene ambiri timakatcha mausi. Zina zinaduka chingwe m'kati, zina batani linaleka kumva, ndipo imodzi inali ndi nthenda yakuti munthu ukadina kamodzi iyo inkadina kawiri. Tsono anzathu a Fomu 4 mayeso a MSCE anali atayandikira, ndipo phunziro la makompyuta lili ndi pepala lochita ndi manja. Munthu wosazolowera mbewa dzanja lake limanjenjemera, nthawi nimuthera asanayankhe theka la mafunso. Chifukwa cha ichi kalabu yathu inasonkha ndalama, ena atachita kugulitsa manachesi Loweruka m'mbali mwa msewu wopita ku boda, ndipo inasankha ine kuti ndiperekeze aphunzitsi athu a makompyuta ku Limbe kukagula mbewa zatsopano.

Ndalamazo zinali zochepa ndithu, ndiponso zinali za thukuta la anzanga. Aphunzitsi anandiuza kuti ulendo usanafike ndiwerenge bwino za chinthu chimene tikukagula, kuti wogulitsa asakatipusitse. Powerengapo ndinakomana ndi munthu amene anayambitsa chinthuchi, ndipo mbiri yake inandigwira mtima koposa mitengo imene ndinkafunafuna.

Douglas Carl Engelbart anabadwa pa 30 Januwale 1925 mu mzinda wa Portland, m'chigawo cha Oregon, kumadzulo kwa dziko la America. Anali wachiwiri mwa ana atatu. Atate ake anali odziwa za magetsi ndipo anali ndi sitolo ya mawailesi. Iye ali ndi zaka 8 banjalo linasamukira kunja kwa mzinda, m'mbali mwa kamtsinje kotchedwa Johnson Creek, ndipo patangopita chaka chimodzi atate ake anamwalira, nasiya amayi ndi ana atatu m'nthawi imene dziko lonse la America linali pa umphawi waukulu. Ambiri a ife pano tidziwa kukula wopanda bambo, kotero sindifunika kulongosola. Mnyamatayu anamaliza sekondale pa Franklin High School m'chaka cha 1942, nalowa Oregon State College kukaphunzira za magetsi.

Maphunziro asanathe nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inamuitana. Analowa gulu la asilikali a pamadzi, ndipo anamuphunzitsa kukonza mawailesi ndi makina otchedwa radar, amene amaona ndege ndi zombo zikali kutali naonetsa malo ake ngati timadontho towala pa galasi. Anafika ku zilumba za Philippines m'chaka cha 1945 nkhondo itangotha kumene, choncho sanawombere munthu. Kumeneko, m'kanyumba kowerengeramo mabuku komangidwa pamwamba pa mitengo, anapeza nkhani ya m'magazini yolembedwa ndi wasayansi Vannevar Bush, mutu wake As We May Think. Nkhaniyo inkanena kuti nzeru zolembedwa zachuluka kopambana mphamvu ya munthu kuzipeza, ndipo inkalota za makina amene munthu angasungemo mabuku ake onse ndi kulumpha kuchoka pa nkhani ina kupita pa inzake monga momwe maganizo amalumphira. Mnyamata wa zaka 20 anawerenga, nasunga mumtima. Ndinaseka nditaona kuti chonsechi chinayambira mu laibulale yaing'ono kuposa yathu ija timaidandaula masiku onse.

Atabwerera kwawo anamaliza digiri yake m'chaka cha 1948, nalembedwa ntchito ku Ames, m'chigawo cha California, kumene boma linkayesa mapiko a ndege powapemerera mphepo yamphamvu m'nyumba zonga mphanga. Kuyambira pano ndiwatchula Bambo Engelbart, pakuti anali atakula.

Mu Disembala 1950 anatomera mbeta yawo, Ballard Fish, amene anamanga naye banja mu Meyi 1951. Munthu wina akadangokondwa, koma iwo atangotomera anadzidzimuka poona kuti zonse zimene ankalakalaka ali mwana, ndizo sukulu, ntchito yokhazikika ndi banja, zinali zitakwanira ali ndi zaka 25 zokha, ndipo kutsogolo kunalibe china chofuna. Anakhala miyezi ingapo akusinkhasinkha ntchito imene ingapindulitse anthu ambiri. Anaganiza za kuthetsa matenda ndi njala, koma anaona kuti vuto lililonse lalikulu lili ndi mizu yolowana ndi mavuto ena, kotero kuti munthu mmodzi, kaya akhale wanzeru chotani, sangalione lonse. Chosowa chenicheni chinali njira yakuti anthu ambiri aganize pamodzi mofulumira ndi molongosoka. Pamenepo anakumbukira galasi la radar lija. Anati mumtima mwawo, ngati makina owerengera angathe kuboola makadi ndi kusindikiza pa pepala, angathenso kulemba pa galasi, munthu atakhala patsogolo pake nalankhulana nawo nthawi yomweyo.

Kuti timvetse kulimba mtima kwa ganizo limeneli tiyenera kudziwa makompyuta a masiku amenewo. Anali owerengeka pa dziko lonse, ndipo imodzi inkadzaza chipinda chachikulu. Munthu wofuna yankho ankaboola makadi, nawapereka kwa woyang'anira makina, nabwera patapita maola kapena mawa lake kudzatenga pepala la mayankho. Akalakwitsa chilembo chimodzi ankayambanso. Kunena kuti munthu mmodzi akhale yekha pa makina odula chotero ndi kumalembapo mawu kunali ngati kunena kuti mwana wa sukulu apatsidwe sitima ya pamtunda yopitira kumsika.

Bambo Engelbart anasiya ntchito yabwino ija napita ku yunivesite ya California ku Berkeley, kumene analandira digiri yachiwiri mu 1953 ndi ya udokotala mu 1955. Anaphunzitsako pang'ono, koma anzawo anawachenjeza kuti akapitiriza kulankhula za maloto awo sadzakwezedwa pa ntchito. Mu 1957 analowa Stanford Research Institute, imene imatchedwanso SRI, m'tauni ya Menlo Park. Kumenekonso anayamba ndi kugwira ntchito za ena, akulemba maganizo awo pang'onopang'ono, mpaka mu 1962 anatulutsa lipoti lalitali lotchedwa Augmenting Human Intellect, ndiko kunena kuwonjezera mphamvu ya nzeru za munthu. Owerenga ambiri sanalimvetse. Koma akuluakulu ochepa a m'mabungwe a boma, la ARPA ndi la NASA, anaona kuti muli kanthu, napereka ndalama zoyambira gulu lawolawo la ofufuza. Kuchokera tsiku la chitomero chija panali patapita zaka zoposa khumi.

Tsopano tafika pa mbewa. Munthu akakhala patsogolo pa sikirini yodzaza ndi mawu, afunika njira yolozera mawu amene akufuna kusintha. Pa kiyibodi pokha ndi ntchito yotopetsa, monga anzanga amene anakhala pa makompyuta opanda mbewa aja angachitire umboni. Bambo Engelbart anakumbukira chida cha akatswiri oyeza malo chotchedwa planimeter, chimene chili ndi kagudumu koyenda pa mapu poyeza kukula kwa munda kapena nyanja. Anajambula m'kabuku kawo ka m'thumba kabokosi kokhala ndi magudumu awiri pansi, lina loyang'ana kutsogolo, lina loyang'ana cham'mbali. Ukakankha kabokosiko kupita kutsogolo, gudumu loyamba limazungulira pamene lachiwiri likungokhwekhwereka. Ukakankhira kumbali, lachiwiri ndilo limazungulira. Ukapita chopingasa, onse awiri amazungulira, lililonse mwa muyeso wake. Gudumu lililonse linalumikizidwa ku kachida konga kaja timapotokola pokweza mawu a wailesi, ndipo kompyuta inkawerenga mphamvu ya magetsi yochokera ku tiwiri timeneti nidziwa pamene dzanja lafika. Mu 1964 injiniya wamkulu wa gululo, Bill English, anapanga mbewa yoyamba potsata chojambulacho. Inali ya thabwa, yosemedwa ngati kabokosi, ndi batani limodzi pamwamba. Chingwe chake chinkatuluka kumbuyo ngati mchira, ndipo dzina lakuti mbewa linachokera pamenepo. Pambuyo pake anaona kuti mchirawo ukukola dzanja, nausamutsira kutsogolo kumene uli mpaka lero, koma dzina linakhala.

Chimene chinandithandiza ine koposa ndi chimene anachita pambuyo pake. Sananene kuti mbewa ndi yabwino chifukwa anaiganiza ndi iwo. Anasonkhanitsa zida zonse zolozera zimene zinalipo: cholembera chowala chimene munthu amagunditsa pa galasi, kandodo kopendeketsa konga ka woyendetsa ndege, chida chojambulira pa tebulo, ngakhalenso china chimene anachipanga okha choyendetsa ndi bondo pansi pa desiki. Anakhazika anthu pa kompyuta, ena ozolowera ena achilendo. Kompyuta inkaonetsa chilembo pamalo osayembekezeka, munthu nathamangitsa chida chake kukachiloza, ndipo makinawo ankalemba nthawi imene yapita ndi kangati munthuyo waphonya. Cholembera chowala chinali chosavuta kuphunzira, koma chinkafuna kunyamula mkono nthawi zonse ndipo mkono unkalema. Cha bondo chija sichinachite manyazi. Koma pa liwiro ndi kusaphonya pamodzi mbewa inapambana, ndipo zotsatira zake anazisindikiza mu 1967. Chaka chomwecho anapempha chikalata cha boma chotsimikiza mwini wa luso latsopano, ndipo chinatuluka pa 17 Novembala 1970, nambala yake 3,541,541.

Tsiku lalikulu la moyo wawo linali 9 Disembala 1968, chaka chomwe chija chiyankhulo chathu chinaleka kutchedwa Chinyanja kuno kwathu nichitchedwa Chichewa. Mu mzinda wa San Francisco munali msonkhano wa akatswiri a makompyuta, ndipo anthu pafupifupi 1,000 anadzaza holo. Bambo Engelbart anakhala pa nsanja, kiyibodi pakati, mbewa ya mabatani atatu kudzanja lamanja, ndi kachida kena ka makiyi asanu onga a limba kudzanja lamanzere. Kumbuyo kwawo kunali chinsalu chachikulu choonetsa nkhope yawo pamodzi ndi zonse zochitika pa sikirini. Kompyuta yeniyeniyo siinali m'holomo ayi. Inali ku Menlo Park, mtunda wa makilomita pafupifupi 50, ndipo zithunzi zinkayenda mumlengalenga ndi mafunde a wailesi. Waya mmodzi akadaduka, zaka zonse zija zikadasanduka chiseko pamaso pa anthu amene kale lomwe ankawayesa wolota.

Kwa mphindi 90 anaonetsa zinthu zimene ambiri m'holomo anali asanazionepo. Analemba mawu, nawafufuta, nawasuntha. Analemba mndandanda wa zokagula kusitolo, nausanja m'magulu, naupinda ndi kuufunyululanso. Anadina pa mawu ena ndipo tsamba lina linatseguka, monga timachitira pa intaneti lero osaganizako n'komwe. Kenaka nkhope ya mnzawo wokhala ku Menlo Park inaoneka pakona pa chinsalu, ndipo awiriwo analankhulana akuonana, nakonza pamodzi tsamba limodzi, aliyense ndi kolozera kake. Anzanga, kumbukirani kuti kuno kwathu wailesi ya kanema inayamba mu 1999, patapita zaka zoposa 30. Atamaliza anthu anaimirira nawomba m'manja, ndipo patapita zaka olemba mbiri analitcha tsikulo mayi wa zionetsero zonse. Chaka chotsatira, pa 29 Okutobala 1969, uthenga woyamba wa ARPANET, kholo la intaneti, unachoka ku yunivesite ya ku Los Angeles nufikira pa kompyuta ya gulu lawo ku SRI.

Munthu angayese kuti kuchokera pamenepo zonse zinayenda bwino, koma sizinatero. Makina awo, otchedwa NLS, anali ovuta kuphunzira. Munthu ankafunika kuloweza malamulo ambiri ndi kuzolowetsa zala pa makiyi asanu aja. Bambo Engelbart sankaona cholakwika pamenepo, pakuti ankakhulupirira kuti chida chabwino chiyenera kuphunziridwa, monga njinga ya magudumu awiri imagwetsa mwana poyamba koma pambuyo pake imamufikitsa kutali koposa ya magudumu atatu. Apa ine ndili ndi maganizo awiri. Ndivomera kuti waulesi sadziwa kanthu. Koma ndinaonanso mnzathu wa Fomu 1 wochokera cha ku Thambani, amene anali asanakhudzepo kompyuta chibadwire, akuopa ngakhale kugwira mbewa. Akadamupatsa makiyi asanu tsiku loyamba sakadabweranso m'chipinda chija. Achinyamata a m'gulu lawo nawonso anayamba kuganiza zina. Iwo ankafuna kompyuta yaing'ono ya munthu mmodzi, yosavuta, pamene mkulu wawo ankafuna anthu ambiri olumikizana pa ntchito imodzi. Ambiri anachoka napita ku malo ofufuzira a kampani ya Xerox ku Palo Alto, ndipo Bill English yemwe anapita mu 1971. Ndalama za boma zinachepa. Mu 1976 nyumba ya banja lawo inapsa ndi moto. Mu 1977 SRI inagulitsa ntchito yawo yonse kwa kampani ya Tymshare, ndipo munthu amene anaimiritsa holo yonse anasanduka wantchito wamba amene akuluakulu ake sankasamala za maloto ake.

Mbewa yokha inapitiriza ulendo popanda mwini wake. Ku Xerox anachotsa magudumu awiri aja naikamo kampira kozungulira mbali zonse, ngakhale kuti Ajeremani a kampani ya Telefunken anali atapanga kale yawo ya mpira mu 1968. Koma inali yodula kwambiri, madola pafupifupi 300 imodzi, ndiponso yosachedwa kuwonongeka. Kompyuta ya Xerox Star imene inatuluka nayo mu 1981 inkagulidwa madola oposa 16,000. Mu Disembala 1979 Steve Jobs wa kampani ya Apple anakacheza ku Xerox, naiona, napita kwa mmisiri wina dzina lake Dean Hovey kukamuuza kuti akufuna mbewa yopangidwa ndi madola osapitirira 15, yolimba, ya batani limodzi. Mmisiriyo poyesa koyamba anagwiritsa ntchito kampira ka m'botolo la mafuta opaka m'khwapa ndi kambale kosungiramo batala. Mu 1984 kompyuta ya Macintosh inatuluka ndi mbewa yotchipayo, ndipo anthu wamba anayamba kuidziwa. Mu 1990 a Microsoft anaika masewera a makadi otchedwa Solitaire mu Windows, ndipo cholinga china chinali chakuti anthu azolowere kudina ndi kukoka ndi mbewa. Choncho anzanga amene amagwidwa akusewera makadi nthawi ya phunziro ali ndi podzitetezera, ngakhale sindilonjeza kuti aphunzitsi adzamva. Pofika 2008 kampani imodzi yokha, Logitech, inali itapanga mbewa biliyoni imodzi.

Pa mbewa zonsezi Bambo Engelbart sanalandire gawo la malonda. Chikalata chija chinali cha SRI, imene inapatsa Apple chilolezo pa mtengo wa madola pafupifupi 40,000, ndipo mphamvu ya chikalatacho inatha mu 1987, mbewa zisanafale kwenikweni. Ulemu unabwera mochedwa. Mu 1997 analandira mphotho ya Lemelson-MIT ya madola 500,000 ndiponso mphotho ya Turing, imene ili yaikulu koposa kwa akatswiri a makompyuta, koma chaka chomwecho mkazi wawo Ballard anamwalira atakhala m'banja zaka 46. Mu 2000 Pulezidenti Bill Clinton anawaveka mendulo ya dziko ya zaluso. Iwo pamodzi ndi mwana wawo wamkazi Christina anali atayambitsa kabungwe kotchedwa Bootstrap Institute kophunzitsa njira zogwirira ntchito pamodzi, ndipo mpaka ukalamba wawo chinkawawawa n'chakuti dziko linatola kabokosi kolozera nilisiya cholinga chimene anakapangira. Anamwalira ndi nthenda ya impso pa 2 Julayi 2013 kunyumba kwawo ku Atherton, ali ndi zaka 88.

Ndi mbiri imeneyi m'mutu ndinakwera minibasi m'mamawa pamodzi ndi aphunzitsi, tinadutsa pa Zalewa, ndipo dzuwa lisanafike pamutu tinali m'masitolo a ku Limbe. Ndiulule pano kuti mtima wanga unali utapita kale kwa mbewa za masewera. Mnzanga wina wa m'kalabu anali atandinong'oneza kuti ndisabwere ndi zachikale, ndipo m'sitolo yoyamba ndinaziona zili m'mabokosi okongola, zowala mitundu yosinthasintha, za mabatani asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri, ndi manambala aakulu a DPI olembedwa pachikuto. Zinaliponso zopanda chingwe, ndi zina zakuda zopanda chokongoletsa chilichonse, za mabatani awiri ndi kagudumu pakati. Zowalazo sizinali zodula kwambiri monga ndinkayembekezera, ndipo ichi ndicho chinandikayikitsa.

Mbewa za masiku ano zilibe magudumu kapena mpira pansi. Zili ndi kanyali ndi kakamera kakang'ono kamene kamajambula pamwamba pa desiki zithunzi zoposa 1,000 pa sekondi imodzi, ndipo poyerekeza chithunzi ndi chinzake kamadziwa kumene dzanja lalowera. Mtundu umenewu unafala kuyambira 1999. Nambala ya DPI imangonena kutalika kwa ulendo wa kamuvi pamene dzanja layenda inchi imodzi. Ikakula kamuvi kamathamanga, koma kuthamanga si kulondola, ndipo polemba kalata kapena kudzaza matebulo a Excel nambala ya pafupi ndi 1,000 ikwanira. Mbewa yeniyeni ya masewera ili ndi ubwino wake woona: kakamera kake sikasokonezeka dzanja likathamanga, ndipo imauza kompyuta malo ake ka 1,000 pa sekondi pamene yawamba imauza ka 125. Koma zimenezi siziwoneka ndi maso, ndipo wopanga zotchipa amakopera zimene zimawoneka, ndizo nyali ndi mabatani. Zopanda chingwe tinazikana msanga, chifukwa zimafuna mabatire amene kalabu ilibe ndalama zogulira mwezi ndi mwezi, ndiponso kachidutswa kake kolowetsa ku USB n'kochepa ngati njere ya nyemba, ndipo m'chipinda cholowa ana mazana sikangathe teremu kasanasowe.

Tsono tinachita monga anachitira Bambo Engelbart. Aphunzitsi anali atanyamula laputopu yawo, ndipo tinapempha kuti tiyese tisanagule. Masitolo awiri anakana kutsegula mabokosi, ife tinathokoza ndi kutuluka. Wachitatu, bambo wachikulire, analola, nabwera kudzaonerera. Aphunzitsi anajambula timabokosi khumi tating'ono tobalalika pa sikirini, ine nkumadina kamodzikamodzi iwo akuwerenga nthawi pa foni ndi kulemba pamene ndaphonya. Kenaka ndinajambula mzere wopingasa pang'onopang'ono, ndi bwalo, kuti tione ngati kamuvi kakudumpha. Ndinadinanso batani lililonse mopepuka kamakumi awiri, kufuna nthenda ija yodina kawiri. Potsiriza tinayang'ana pamene chingwe chimalowera m'mutu mwa mbewa, pakuti zathu zambiri zinafera pamenepo, ndipo yabwino imakhala ndi kamphira kokhuthala kotchinjiriza. Tinayesa mitundu inayi. Yowala ija, imene ndinkaifuna ndi mtima wonse, mzere wake unatuluka wokhotakhota ngati njira ya nyerere, ndipo inali yaikulu kwambiri moti dzanja la mwana wa Fomu 1 silikadaikwana. Imodzi mwa zakuda zija inali yopepuka ngati chikhokhombe ndipo batani lake linalira mokayikitsa. Inzake yakuda, yodulirapo pang'ono koma yosafika pa mtengo wa yowala, sinaphonye ndi kamodzi komwe. Tinagula zisanu ndi ziwiri za mtundu umenewo, ndipo chenje chinakwanira minibasi yobwerera basi.

Mnzanga uja sanandilankhule masiku awiri. Ine sindinamuyankhe, ndinangomusiya ayese yekha, ndipo tsopano ndiye amafika woyamba pakhomo Lachitatu masana. A Fomu 4 anakonzekera mayeso awo aliyense ndi mbewa m'dzanja. Imodzi inavuta tsiku loyamba, ndipo mtima wanga unagunda poganiza kuti ndataya ndalama za anzanga, koma vuto linali desiki lonyezimira limene kakamera sikankaliona bwino. Titaika chikuto cha kope lakale pansi pake inayamba kuyenda. Ife a makalasi ena tikhalabe atatu pa kompyuta imodzi, wina agwira mbewa, wina kiyibodi, wachitatu aloza ndi chala pa galasi nakangana ndi onse awiri, ndipo nthawi zina ndimaganiza kuti Bambo Engelbart akadalowa m'chipindamo akadayang'ana mkanganowo koposa mbewa zatsopanozo.

Mbewa zakufa zija sitinataye. Aphunzitsi anatsegula ziwiri, natenga chingwe chamoyo cha imene inafa batani nachilumikiza ku imene inaduka chingwe, ndipo tsopano tili ndi imodzi yapadera m'kabati. Choncho kalabu ipempha aliyense amene ali ndi mbewa yakufa kwawo, kapena kwa achibale ogwira ntchito m'maofesi a pa boma ndi ku boda, kuti abwere nayo teremu ikudzayi. Inenso ndayamba kusema kabokosi ka mlombwa konga kaja ka 1964, magudumu ake a zitsekerero za mabotolo, ndipo kakatha kadzakhala pa zenera la chipinda cha makompyuta kuti ofuna kuona m'mene magudumu awiri aja ankayendera adzakagwire okha.

Mnyamata wa Fomu 3